MBIRI YA WILLIAM KOYI, AMENE ANASIYA KWAO KUDZATUMIKIRA DZIKO LA NYANJA (1846–1886)

Pa masiku a Jubile kuyenera kuti mpingo uyang'ane m'mbuyo, nuwerenge maina a iwo amene anaswa mphanje ife tisanabadwe. Maina a Azungu a ku Scotland tiwadziwa bwino, pakuti analembedwa pa miyala ndi pa makomo a sukulu: Livingstone, Laws, Henderson, Scott ndi Hetherwick. Koma pamodzi nao panadza anthu akuda a ku South Africa, amene sanakakamizidwe ndi munthu, koma anadzipereka okha. Wochuka mwa iwo ndiye William Koyi. Ife a ku Mdeka, Lirangwe ndi Chileka tiri naco cifukwa cakumkumbukira, pakuti njira yakale yocokera ku Blantyre kumka ku dooko la Matope inapita m'dziko lathu lino, ndipo amithenga oyamba, pakuyenda pakati pa Blantyre ndi nyanja, anaponda pfumbi lomwe tiliponda ife.

UBWANA WACE

Koyi anabadwa m'caka ca 1846 ku Thomas River, kum'mawa kwa dziko la Cape. Anali Mxhosa wa pfuko la Ngqika, ndipo anabadwira m'banja losadziwa Mau a Mulungu. Inali nthawi yoipa. Caka comweco kunabuka nkhondo pakati pa Axhosa ndi Angerezi, imene aicha Nkhondo ya Nkhwangwa. Pokhala iye wa zaka 10, mu 1856 ndi 1857, ambiri a mtundu wace anamvera mau a mtsikana Nongqawuse, napha ng'ombe zao, naleka kubzala, poyembekeza kuti makolo akufa adzauka ndi ng'ombe zatsopano. Makolo sanauke; inadza njala, nipha anthu zikwi zambirimbiri, ndipo otsala anabalalika kukafuna nchito m'minda ya Azungu.

Koyi nayenso anakulira m'nchito ya eni. Poyamba anakhala kwa Mbunu wina, natsogolera ng'ombe zokoka ngolo pa maulendo atali. Atakula anamka ku Uitenhage, nagwira nchito yotsuka ubweya wa nkhosa. Pambuyo pace analowa nchito m'nyumba ya malonda ku Port Elizabeth, mzinda wa pa dooko. Sanalowe sukulu ngakhale tsiku limodzi m'ubwana wace wonse, koma anadziphunzitsa yekha kuwerenga cinenero ca kwao, kuti akhoze kuwerenga Cipangano Catsopano. Mu 1869 anatembenuka mtima, nalowa mpingo wa Wesleyan wa mu mzindamo.

KU LOVEDALE

Tsiku lina anatola cidutswa ca nyuzipepala yosindikizidwa ku Lovedale m'cinenero ca Axhosa, nawerengamo za sukulu yaikuru imene inalandira ndi anthu osauka omwe. Kapepala kotayika kameneko kanatembenuza moyo wace. Mu 1871, ali wa zaka 25, anasiya nchito yace ndi malipiro ace, nayenda pansi mamailosi 150 kufikira ku Lovedale, pafupi ndi mudzi wa Alice.

Sukulu imeneyi inatsegulidwa ndi amithenga a ku Scotland mu 1841, ndipo kuyambira 1870 mkuru wace anali Dr James Stewart. Kumeneko anaphunzitsa za m'mabuku pamodzi ndi za manja: kupala matabwa, kupanga ngolo, kusula zitsulo, kusindikiza ndi kumanga mabuku, ndipo wophunzira ali yense anagwirako nchito ya kubwalo. Koyi anakhala pa benci pamodzi ndi ana amene anamposa m'Cingerezi ndi m'masamu. Sanachuke ndi nzeru za m'kalasi. Koma aphunzitsi anaona kuti cimene ampatsa acita kufikira citatha, wina amuone kapena asamuone. Cotero anamuika wothandiza kapitao wa magulu a nchito. Anakhala comweco zaka 5, osadziwa kumene zidzamfikitsa.

KUITANA

Dr Stewart analidziwa dziko lathu. Mu 1862 anali ku Zambezi ndi ku Shire masiku a Dr Livingstone, naona ndi maso ace midzi yopasuka ndi malonda a akapolo. Livingstone ataikidwa ku London mu 1874, Stewart anauza Msonkhano Waukuru wa Free Church of Scotland kuti cikumbutso coyenera munthuyo ndico Misyoni ya pa Nyanja ya Nyasa, yochedwa Livingstonia. Cotero mu 1875 ulendo woyamba unanyamuka, wotsogozedwa ndi E. D. Young, pamodzi ndi Dr Robert Laws. Ndipo pa 12 October 1875 sitima yao Ilala inalowa m'nyanja, namanga iwo ku Cape Maclear.

Caka cotsatira anakonza ulendo waciwiri. Stewart anadziwa kuti Azungu okha sadzakhoza nchitoyo, popeza sadziwa miyambo ndi mitima ya anthu akuda. Pofika ku Lovedale Dr William Black, sing'anga wa ulendo umenewu, anasonkhanitsa ophunzira, nawafotokozera za dziko la nyanja, nawafunsa ngati alipo wofuna kumka. Anadzipereka anyamata 14. Ena a iwo anali akatswiri a m'kalasi, odziwa kulankhula pamaso pa anthu. Pofika nthawi ya Koyi, iye sanabise kucepa kwace. Anakumbutsa msonkhano fanizo la matalente, nanena kuti iye alibe ngakhale talente yathunthu, koma theka lokha. Kuti sakhoza kuphunzitsa monga anzace, komatu akhoza kutema nkhuni ndi kutunga madzi, ndi kuyesa kukhala monga Mkristu pakati pa anthu osamdziwa Kristu. Mau amenewo anakumbukika ku Lovedale zaka zambiri.

Mwa 14 aja anasankha 4: Shadrach Mngunana, wophunzira kwambiri, woti akaphunzitse sukulu, Isaac Williams Wauchope, mnyamata wanzeru ndi wodziwa kulemba, Mapassa Ntintili, mmisiri wa ngolo ndi matabwa, ndi William Koyi.

KUKONZEKA ULENDO

Tisayese kuti anthu awa anadzipereka mosadziwa cimene cinali kutsogolo. Mbiri ya Magomero inamveka kale: kuti Bishopu Mackenzie anafika mu 1861, namwalira ndi malungo mu January 1862, ndi kuti anzace anacoka m'dzikomo atataya ena a iwo. Mkazi wa Livingstone anamwalira ku Shupanga mu April 1862, Dr Stewart mwini ali pomwepo. Mankhwala a malungo anali kwinini yekha, ndipo panalibe munthu wodziwa kuti nthendayo idza ndi udzudzu, pakuti ici cinadziwika mu 1897. Kalata inatha miyezi panjira. Ndalama sizinagule kanthu kuno. Cakudya ndi nchito ya amtengatenga zinalipiridwa ndi nsaru ndi mikanda. Pa khomo la nyanja panali mfumu Mponda, ndi ku Nkhotakota kunali Jumbe, onse awiri olemera ndi malonda a anthu. Munthu wakuda wa cilendo, wosadziwa cinenero, anali pangozi m'dziko lotere koposa Mzungu.

Koyi anali wa zaka 30, msinkhu umene mwamuna wa Cixhosa afuna ng'ombe, khola ndi banja. Anali ataona kale umphawi, ndipo tsopano anali pafupi kulandira nchito yabwino ndi ulemu pakati pa anthu a kwao. Zonsezi anayenera kuziika pambali, osadziwa caka cakubwera. Nthawi yakumanga katundu ndi kutsazika abale inali masabata owerengeka okha.

Koma tikayang'ana bwino tiona kuti kukonzeka kwace kunayamba kale, iye asanamve dzina la Nyasa. Maulendo a ngolo anamzoloweza kugona kuthengo, kuyenda ndi ludzu, ndi kuoloka mitsinje. Nchito ya kwa eni inamphunzitsa kupirira mau owawa osabwezera. Ukapitao wa ku Lovedale unamphunzitsa kutsogolera anthu popanda ndodo. Ndipo cuma cina ananyamula osaciwerengera konse, ndico cinenero cimene anayamwa kwa amace. Pakuti Angoni, amene anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835, analankhulabe cinenero ca abale a Azulu ndi Axhosa. Cimene iye anacicha theka la talente cinali ndi mfungulo ya khomo limene Azungu ophunzira sakadakhoza kulitsegula.

PANJIRA

Mu July 1876 anayi aja anacoka ku Lovedale pamodzi ndi Dr Stewart, nakwera sitima ku Port Elizabeth, mzinda womwe uja Koyi anatolamo kapepala. Pa ulendo womwewo panali amithenga a Church of Scotland akudzayamba Misyoni ya ku Blantyre, mwa iwo Dr Macklin ndi John Buchanan, akutsata Henry Henderson amene anatsogola kudzafuna malo. Anatsika ku Quelimane, nakwera mtsinje wa Kwakwa m'mabwato, naturukira ku Zambezi, nalowa m'Shire, napita m'madambo a udzudzu kufikira midzi ya Amakololo ya m'tsinde mwa mathithi. Pamenepo anasiyana. A ku Blantyre anakwera mapiri, nakhazika Misyoni yao pa 23 October 1876. A ku Livingstonia analambalala mathithi pansi, nakwera Ilala kumtunda kwace, nafika ku Cape Maclear mwezi womwewo wa October.

Mtengo wa kudzipereka unaoneka msanga. Wauchope anagwidwa ndi malungo akuru panjira, nasokonezeka nao mutu, ndipo anambweza kwao caka cisanathe. Dr Black, amene anawaitana, anamwalira ku Cape Maclear mu May 1877. Mngunana, atayamba bwino sukulu ya ana a m'mbali mwa nyanja, anamtsata kumanda mu June caka comweco. Miyezi 12 isanakwane cicokere ku Lovedale, mwa anayi aja anatsala awiri, ndiwo amene anayesedwa ocepa maphunziro.

KU BLANTYRE

Misyoni ya ku Blantyre inayamba mofooka, yopanda mbusa, ndipo Henderson anapempha thandizo ku Cape Maclear. A ku Livingstonia anatumiza anthu ao mosinthana. Anadza James Stewart wina, msuwani wa Dr Stewart, mmisiri wa miseu amene anagwira nchito ku India, nalinganiza mudzi wa Misyoni, nayamba kulambula mseu wolambalala mathithi. Anadzanso Koyi ndi Ntintili, nathandiza pa sukulu, pa mapemphero ndi pa nchito ya manja, m'nthawi ija Blantyre inali kuyembekeza mbusa wace woyamba, Duff Macdonald, amene anafika mu 1878. Cotero mipingo yonse imene inaphuka pa tsinde la Blantyre iri ndi mangawa kwa Axhosa awiriwa, pakuti anagwiriziza nyumba pamene mizati inali isanalimbe.

M'zaka zomwezo, 1877 ndi 1878, kwao kunabuka nkhondo yotsiriza ya Axhosa ndi Angerezi, ndipo Sandile, mfumu ya pfuko la Ngqika, anaphedwa mu 1878. Mbiri zotere zinamfika Koyi mocedwa, ali kutali, wosakhoza kuthandiza mbale ali yense. Iyi ndiyo mbali ya nsembe imene wocoka kwao saiona pa tsiku lakunyamuka.

KWA ANGONI

Mu 1878 Dr Laws ndi James Stewart anayenda ulendo wautali kumadzulo kwa nyanja, kufuna malo abwino oposa Cape Maclear, ndipo Koyi anamka nao. Anafika kwa Angoni a Chikuse, napitirira kumpoto kwa Atonga, nakwera mapiri kufikira midzi ya banja la Chipatula, m'dziko la Inkosi M'mbelwa. Apo Angoni anazizwa kumva munthu wa cilendo alikulankhula monga makolo ao, nadziwa malonje ndi ulemu woyenera mfumu. Caka comweco Misyoni inaika malo oyesera ku Bandawe ndi ku Kaning'ina, pafupi ndi pamene pali Mzuzu lero, ndipo Koyi anakhala ku Kaning'ina, nakwera kawiri kawiri kukaceza ndi akuru a Angoni. Pamene Laws anaonana ndi M'mbelwa mu 1879, womasulira anali Koyi.

Mu 1880 anabwerera kwao kukapuma, pamodzi ndi Ntintili, amene sanadzenso kuno. Kumeneko Koyi anakwatira mwana wamkazi wa Mbusa Andries van Rooyen. Tsopano anali naco cifukwa cokwanira cakukhala: anali atatumikira zaka 4, ataika anzace m'manda, atalawa malungo m'thupi mwace. Palibe akadamdzudzula. Koma ananyamukanso, ndipo kudzipereka kwaciwiri kumeneku kuposa koyamba, pakuti poyamba anamka atangomva, koma tsopano anamka ataona. Mkazi wace anatsala, namtsata pambuyo pace.

Misyoni inasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1882 Koyi anamanga ku Njuyu, pafupi ndi mtsinje wa Kasitu. Awa ndiwo malo oyamba a Misyoni m'dziko la Angoni a kumpoto. Mlandu unali wolemera. Atonga ambiri anali atathawa m'manja mwa Angoni zaka zapitazo, natsikira ku nyanja, ndipo Angoni anafuna kuti Azungu asiye Bandawe, akhale ao okha. Atonga naonso anaopa kusiyidwa. Koyi anaima pakati. Ananyamula mau a Laws kumka nao kwa M'mbelwa, ndi mau a M'mbelwa kumka nao kwa Laws. Anadziwa pofewetsa mau aukali osawasandutsa bodza, nadziwa nthawi yakulankhula ndi yakukhala cete m'bwalo. Cifukwa cace Angoni anamucha Umteteleli, ndiko kunena nkhoswe, wolankhulira ena.

Koma sukulu anaikana. Akuru anati ana akaphunzira mabuku adzakana nkhondo, ndipo mtundu udzafooka. Zaka zinapita osaloledwa kuphunzitsa poyera. Koyi anacititsa mapemphero pa Sabata, naceza m'midzi, napirira kunyozedwa ndi kuopsezedwa ndi anyamata a zishango. James Sutherland wa ku Scotland anakhala naye, namwalira mu 1885. George Williams, wa ku Lovedale yemwe, anadza kudzathandiza, nakhala kufikira 1888. Dr Walter Elmslie anafika mu 1885, ndipo iye mwini anacitira umboni m'buku lace kuti anaphunzira kukhala ndi Angoni kwa Koyi. Pa nthawiyo anyamata owerengeka, mwa iwo Mawelera Tembo ndi mbale wace Makara, anali kudza usiku m'tseri kudzaphunzira kuwerenga.

IMFA YACE

Dzinja la 1885 ndi 1886 mvula inakana. Angoni atayesa nsembe zao osaona kanthu, anadza ku Misyoni, ndipo mu January 1886 anacita mapemphero ku Njuyu. Mvula inagwa, ndi mitima ya akuru inayamba kufewa. Koma Koyi anali atadwala, thupi lace litatha ndi malungo ndi nthenda ya m'cifuwa. Ali gone pa mphasa, anafika mau ocokera ku bwalo la M'mbelwa, akuti Misyoni yaloledwa kuphunzitsa ana ndi kulalikira m'dziko. Anamuuza, ndipo iye anayamika Mulungu ndi mau a Simeoni wokalamba uja wa m'Kacisi. Masiku owerengeka atapita, pa 4 June 1886, anamwalira, ali wa zaka 40, naikidwa ku Njuyu komweko. Sanaone sukulu imene anaipempha zaka 4, kapena Mngoni mmodzi wobatizidwa.

ZIPATSO

Sukulu ya ku Njuyu inatsegulidwa caka comweco cisanathe. Ekwendeni inayamba mu 1889. Mawelera ndi Makara Tembo anabatizidwa mu 1890, oyamba a m'dziko la M'mbelwa. Mu 1904 dziko limenelo linalowa m'ulamuliro wa Boma popanda nkhondo, pamene Angoni a Gomani anathiridwa nkhondo mu 1896, ndi a Mpezeni mu 1898. Zifukwa zace nzambiri, koma cimodzi ndico cibwenzi cimene Koyi anaciyamba. Sinodi ya Livingstonia inacha nyumba yace ya alendo ku Mzuzu dzina la William Koyi.

Ndipo tisamuiwale Wauchope, amene anabwezedwa panjira. Anacira, nakhala mbusa ndi mlembi womveka pakati pa Axhosa. Ali wokalamba anadziperekanso kumka kutali, pakati pa anthu akuda opita kukagwira nchito ku nkhondo ya ku France, namira pamodzi nao m'sitima ya Mendi pa 21 February 1917. Wobwerera panjira cifukwa ca nthenda asayesedwe wotayika.

Ana a dziko lino naonso anaphunzira kuturuka m'malire. David Kaunda wa ku Livingstonia anamka kwa Abemba ku Chinsali m'zaka za 1904 ndi 1905. Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican wa ku Chia, anamka ku Msoro m'dziko limene tilicha Zambia, namwalira komweko mu 1913. Caka comweco Lewis Bandawe wa Misyoni ya ku Blantyre anamka ku Mihecani m'dziko la Mozambique, natumikira Alomwe kufikira 1928, namasulira Cipangano Catsopano m'cinenero cao. Dziko limene linalandira alendo linasanduka lotumiza.

KWA IFE

Abale, ndi inu makamaka akatekisti ndi aphunzitsi, mbiri iyi iri ndi mau kwa yense amene amanga katundu wace kumka kumene sanabadwire, kungakhale kutsidya kwa Shire kapena kutsidya kwa malire. Awerenge mtengo asananyamuke, monga anawerenga anayi aja, pakuti mwa iwo mmodzi anabwezedwa, awiri anaikidwa kuno, ndi mmodzi yekha anatsiriza nthawi yace nabwerera. Apangane bwino ndi a pabanja pace ndi ankhoswe ace, pakuti otsala anyamula theka la katundu. Asapeputse nchito ya manja imene aidziwa, kapena cinenero ca amace. Akafika, ayambe waphunzira malonje a eni dziko asanawaphunzitse kanthu, pakuti mlendo wolowa m'bwalo mwaulemu amveka ngakhale mau ace ali ocepa. Ndipo asawerenge zipatso caka ciri conse ndi kutaya mtima. Koyi anabzala zaka 10, ndi okolola anali ena.

Mpingo wotsala kumudzi uli nayo mbali yace: kupempherera wotumidwa pomchula dzina, kumlembera kalata, ndi kuyang'anira mkazi wace, ana ace ndi munda wace. Pa Jubile ino, pamene tiyamika cifukwa ca iwo amene anatidzera, tifunsane m'mitima ngati mwa ana athu a ku Mdeka, Lirangwe ndi Chileka alipo amene tidzamlola kumka, akadzaimirira monga anaimirira William Koyi ku Lovedale.